Sukulu imodzi, malamulo khumi: aphunzitsi amaphunzira kuti kusunga mwambo m'kalasi?

Pa sukulu zathu zambiri za pulayimale, mwana wa sitandade 6 amakumana ndi malamulo atatu kapena anayi dzuwa lisanafike paliwombo. Mphunzitsi wa masamu salola munthu kuyankha asanakweze mkono, ndipo wochedwa amagwada pakhomo mpaka phunziro lithe. Wa Chichewa akalowa, aliyense amangokuwa yankho, wochedwa amalowa n'kukhala pansi ngati palibe chachitika. Wa sayansi zimatengera mmene wadzukira: lero aseka nthabwala ya mnyamata wa kumbuyo, mawa nthabwala yomweyo imupezetsa chibalo chokatchetcha kuseri kwa zimbudzi. Atatuwa akakumana mu ofesi amagwirizana pa mfundo imodzi, yakuti ana a masiku ano ndi osamva.

Koma anawo amamva, ndipo amamva bwino kwambiri. Anazindikira kalekale kuti lamulo la pasukulupo ndi nkhope ya amene waima kutsogolo, ndiye nzeru zawo zimathera pa kuyesa malire a aliyense. Mphunzitsi wokhwimitsa amaoneka wankhanza chifukwa mnzake amalekerera, wolekererayo amaoneka wopusa chifukwa mnzake amakhwimitsa, ndipo wongobwera kumene amayamba yekha kulimbana ndi kalasi imene anzake akhala nayo zaka. Nkhani ndi yakuti aphunzitsi a sukulu imodzi angaphunzire bwanji kuchita zinthu mofanana, komanso ngati maphunziro owonjezera amene boma ndi mabungwe amawakonzera, aja aphunzitsi amangoti CPD, akuthandizapo kanthu.

Poyamba tidziwe chimene chikufunika kuphunziridwacho. Jacob Kounin wa ku America anajambula makalasi ambiri pa kanema n'kuwapenda, ndipo zotsatira zake anazisindikiza mu 1970. Iye anayamba ndi maganizo amene ambirife tili nawo, akuti chinsinsi chagona pa kadzudzulidwe. Anadzapeza kuti aphunzitsi a makalasi abata ndi a makalasi achisokonezo sankasiyana kwenikweni pa mmene ankadzudzulira wolakwa. Ankasiyana pa zimene ankachita vuto lisanabuke. Wodziwa ntchito amayendetsa maso kalasi yonse ngakhale wawerama kuthandiza mwana mmodzi. Akamadzudzula amalasa wolakwa weniweni, osati woyandikana naye, ndipo amatero phokoso lisanafalikire. Akamachoka pa kuwerenga kupita pa kulemba sasiya mpata woti ana asowe chochita. Amafunsa funso kaye, n'kudikira, kenako n'kutchula dzina, kuti aliyense akhale tcheru. Zonsezi ndi luso la thupi, la maso ndi la nthawi. Zili ngati kupalasa njinga: ungamve malongosoledwe ake tsiku lonse uli pa benchi, koma udzadziwa pokhapokha utakwera wina atakugwirira kaliyala.

Chifukwa chimene aphunzitsi athu amasiyanirana chonchi chili ndi mbiri yake. Mu 1994 boma la Bakili Muluzi litachotsa fizi ku pulayimale, chiwerengero cha ana chinadumpha kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni. Boma linalemba aphunzitsi pafupifupi 20,000, ambiri a iwo achinyamata a JCE ndi MSCE osaphunzira ntchitoyi, n'kuwapatsa milungu yochepa yowaunikira asanawaponye m'kalasi. Pulogalamu ya MIITEP, yomwe inayamba mu 1997, inadzayesa kuwaphunzitsa ali kale pantchito: miyezi itatu ku koleji, nthawi yaitali yotsalayo kusukulu kwawo. Mnyamata wa zaka 20 amene wapatsidwa ana oposa 100 pansi pa mtengo wa mango safufuza m'buku. Amakumbukira zimene aphunzitsi ake ankachita, n'kuthyola kamtengo. Ena mwa amene analowa ntchito nthawi imeneyo ndiwo anadzakhala ahedi ndi alangizi a aphunzitsi atsopano, moti zimene anadziphunzitsa okha m'masiku ovutawo zinasanduka mwambo wa sukulu zawo.

Lero chikwapu n'choletsedwa. Ndime 19 ya malamulo aakulu a dziko lino imakana chilango chomenya pa milandu yoweruzidwa m'makhoti ndi m'nthambi zina za boma, ndipo Unduna wa Zamaphunziro umauza aphunzitsi momveka kuti asamenye ana. South Africa inaletsa mchitidwewu m'sukulu mu 1996, Zambia mu 2003. Kuletsako n'koyenera, ndipo sindikuona chifukwa chobwererera m'mbuyo. Cholakwika n'chakuti mphunzitsi analandidwa chida chimene ankachidziwa osapatsidwa china m'malo mwake. Ndiye aliyense anadzipezera njira. Wina akumenyabe koma ataonetsetsa kuti ahedi ali kutali. Wina anangotaya mtima, amaphunzitsa mizere itatu ya kutsogolo, a kumbuyo azidziwa okha. Ambiri anathawira ku chibalo: kukumba dzenje la zinyalala, kuzula chitsa, kukolopa zimbudzi, kubweza ochedwa kunyumba. Chodabwitsa cha chibalo n'chakuti kawirikawiri chimachitika nthawi ya phunziro. Mwana amene walephera kumvetsera masamu amalangidwa pomuchotsa pa masamu, ndipo kwa anyamata ena khasu ndi dzuwa n'zabwinoko kusiyana ndi kugawa manambala pa bolodi anzawo akuseka.

Kukoleji nkhani ya kasamalidwe ka kalasi imaphunzitsidwa ndithu. Maphunziro a uphunzitsi wa pulayimale a IPTE ndi a zaka ziwiri, ndipo monga anakonzedwera mu 2017 wophunzira amakhala materemu awiri ku koleji, awiri pa sukulu, kenako awiri ena ku koleji. Materemu awiri a pasukuluwo ndiwo amaumba munthu. Akafika pa sukulu ya dongosolo, amatengera dongosololo. Akafika pa sukulu imene aliyense amayendera yake, amatengera za mphunzitsi amene wamukomera mtima, ndipo tsiku limene amuuza kuti "za kukolejizo zisiyeni, kuno ndi kumudzi" ndilo tsiku limene maphunziro ake enieni ayamba.

Apa ndi pamene CPD imayenera kulowapo, ndipo zipangizo zake dziko lino lili nazo. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990 kunamangidwa malo 315 otukulira aphunzitsi, ma TDC, amodzi pa zoni iliyonse, ndi mlangizi wake amene tonse timamuti aPEA. Mu 2018 Unduna unatulutsa ndondomeko ya CPD ya dziko lonse. Koma tiyang'ane mmene maphunzirowa amayendera nthawi zambiri. Akatswiri a ku Unduna ndi a ku Malawi Institute of Education ku Domasi amaphunzitsa kagulu, kaguluko kaphunzitsa aPEA ndi aphunzitsi osankhidwa, iwowo akaphunzitsa anzawo ku TDC nthawi ya holide, ndipo amene anapitako amayembekezeka kukafotokozera amene anatsala. Uthenga ukamafika kwa womaliza umakhala utaonda. Zimene zinatenga masiku asanu kumtunda zimafotokozedwa m'mphindi 20 pa msonkhano wa aphunzitsi, pakati pa nkhani ya ndalama za chipepeso ndi ya tsiku la masewera.

Njira imeneyi ili ndi ntchito yake. Silabasi ikasintha, monga inasinthira mu 2007, kapena mabuku atsopano akabwera, monga a pulogalamu ya kuwerenga ya dziko lonse mu 2016, palibe njira ina yofikira aphunzitsi zikwizikwi m'milungu yochepa. Koma kusunga mwambo si uthenga woti munthu angomva. Ndiponso wekishopu imatenga munthu mmodzi kapena awiri pa sukulu, pomwe vuto lathu ndi la aphunzitsi onse pamodzi. Madamu amene abwerako ndi njira yatsopano yokhazikitsira ana bata amakaiyesa okha, ana n'kuona kuti ndi zachilendo za munthu mmodzi, anzawo n'kumawaseka kuti abwera ndi za ku wekishopu, ndipo teremu isanathe abwerera ku zakale. Za maalawansi tisanamizane: mphunzitsi wa malipiro ochepa amene akuthamangira wekishopu chifukwa cha envelopu sakulakwa. Koma chizolowezichi chinaphunzitsa anthu kuti maphunziro opanda envelopu si maphunziro, moti ahedi akaitanitsa CPD ya pasukulu ena amafunsiratu ngati pali kangachepe.

Kafukufuku wa kunja amaloza mbali imodzi. Ku South Africa, m'chigawo cha North West, anayerekeza njira ziwiri zothandizira aphunzitsi a makalasi oyambirira kuphunzitsa kuwerenga m'Setswana mu 2015 ndi 2016. Magulu onse analandira mabuku ndi mapulani a maphunziro ofanana. Gulu lina linkaitanidwa ku maphunziro a masiku awiri kawiri pachaka. Gulu lina linkayenderedwa m'kalasi pafupifupi mwezi uliwonse ndi mlangizi amene ankaonerera phunziro n'kukambirana ndi mphunzitsiyo. Phindu la ana a gulu loyenderedwalo linali pafupifupi kuwirikiza kawiri la gulu linalo. Kafukufukuyo anali wa kuwerenga, koma chimene chinasiyanitsa kwambiri magulu awiriwa chikutikhudza: oyenderedwa ndiwo anatha kuwerengetsa kagulu ka ana ochepa kwinaku kalasi yonse ikugwira ntchito ina, chinthu chimene sichitheka kwa munthu amene sanagwire kalasi yake. Mu 2018 Matthew Kraft ndi anzake anaphatikiza kafukufuku 60 wa ulangizi wa m'kalasi woterewu, n'kupeza kuti umasinthadi kaphunzitsidwe. Anachenjezanso kuti pulogalamu ikakula kufikira aphunzitsi ambiri phindu limachepa, chifukwa alangizi abwino ndi osowa. Chenjezo limeneli tilisunge.

Pa nkhani ya chikwapu penipeni, Uganda ndi Tanzania zikutipatsa zitsanzo ziwiri zosiyana. M'boma la Luwero ku Uganda, bungwe la Raising Voices linayesa njira yake m'sukulu za pulayimale kwa miyezi 18, pa kafukufuku wa sukulu 42 amene zotsatira zake zinatuluka mu 2015. Njirayo inkagwira sukulu yonse: ahedi, aphunzitsi, ana ndi makolo anali ndi makomiti awo, ankapangira limodzi malamulo, ndipo aphunzitsi ankaphunzira zilango zina zosamenya. Pamapeto, ana 31 pa 100 aliwonse m'sukulu zoyesedwazo ananena kuti amenyedwa ndi ogwira ntchito pasukulu m'sabata yapitayo, poyerekeza ndi pafupifupi 49 pa 100 m'sukulu zinazo. Ku msasa wa othawa kwawo wa Nyarugusu ku Tanzania anayesa pulogalamu yotchedwa EmpaTeach, imene aphunzitsi ankakumana okha m'timagulu kwa milungu ingapo kukambirana za mkwiyo wawo ndi njira zina zolangira. Zotsatira za mu 2021 sizinaonetse kuti kumenya kwatsika. Moyo wa mumsasa uli ndi zovuta zakezake, ndiye tisafulumire kugamula. Komabe ine ndikuwerengapo ichi: kusintha mtima wa mphunzitsi payekha sikukwanira ngati malamulo a sukulu, ahedi ndi makolo atsala pomwe anali.

Nanga pa sukulu ya kwathu kuno zingaoneke bwanji? Tiyeni tilowe mu sitandade 2 ya ana 120 okhala pansi, nthawi yogawa mabuku a Chichewa. Mphunzitsi amene sanaganizirepo za ntchitoyi amanyamula mulu wa mabuku n'kuyamba kuyenda, akudumpha miyendo. Manja amatambasuka mbali zonse, a kumbuyo amaimirira poopa kuti mabuku atha, wina wakoka chikuto chang'ambika, wina akulira kuti wapondedwa chala. Bata likamabwerera, gawo lalikulu la phunziro la theka la ola lapita, mphunzitsi wakalipa kasanu ndipo mawu asasa. Mnzake wa chipinda choyandikana anasiya kanjira pakati pa kalasi ndi tina m'mbali, anagawa ana m'mizere yodziwika, ndipo mzere uliwonse uli ndi mtsogoleri wake. Akawomba m'manja katatu ana amayankha kawiri n'kupinda manja. Atsogoleri amabwera kutsogolo, aliyense atenga mulu wowerengedwa kale, buku limodzi ana atatu, ndipo pobweza amawerenganso. Zonse zimatha mphunzitsi asanamalize kulemba mutu wa phunziro pa bolodi. Anathera sabata yoyamba ya teremu akuyeseza zimenezi mobwerezabwereza, anzake n'kumati akutaya nthawi.

Aphunzitsi awiriwa alekanitsidwa ndi khoma limodzi, koma n'zotheka kuti woyambayo sanaonepo mnzakeyo akuphunzitsa. Apa ndi pamene pagona CPD yotsika mtengo kuposa zonse. Aphunzitsi a sukulu imodzi akhale pansi teremu isanayambe, agwirizane zinthu zochepa, zisanu kapena zisanu ndi chimodzi: chizindikiro chimodzi chokhazikitsira bata kuyambira sitandade 1 mpaka 8, kalowedwe ndi katulukidwe, kagawidwe ka mabuku, chochita ndi wochedwa, kapemphedwe kopita kuchimbudzi, ndi masitepe a chilango, kuti mwana adziwe kuti choyamba ndi kuyang'anidwa, kenako kutchulidwa dzina, kusunthidwa malo, kutsalira pa buleki, ndipo pomaliza kuitanitsa makolo. Akagwirizana ayeseze okhaokha, wina akhale mwana wovuta, ngakhale zichititse manyazi. Kenako aziyenderana. Woonerera asalowe ndi fomu ya mfundo 30. Ayang'ane chinthu chimodzi chokha, monga mphindi zimene zimadutsa kuchokera pa belu kufika poyamba phunziro, ndipo akatuluka auze mnzakeyo chimene waona ndi chimodzi choti akayese mawa.

Anthu oti achite zimenezi alipo kale. Sukulu zathu zili ndi akulu a zigawo zitatu, cha ana aang'ono, chapakati ndi cha akuluakulu, amene nthawi zambiri ntchito yawo imathera pa kusaina masikimu ndi mapulani a maphunziro. Nthawi nayo ingapezeke, popeza makalasi a ana aang'ono amaweruka msanga ndipo aphunzitsi awo angathe kukaonerera makalasi akuluakulu. Kuti a makalasi akuluakulu akaonerere aang'ono n'kovutirapo, ndipo m'pamene ahedi ayenera kugwirira kalasi okha kwa theka la ola. Anzathu a ku Zambia anayamba kale kuyenda njira yofanana ndi imeneyi. Kuyambira 2005, mothandizidwa ndi bungwe la JICA la ku Japan, aphunzitsi a m'chigawo cha Central anayamba kukonzera limodzi phunziro, mmodzi n'kuliphunzitsa anzake akuonerera, kenako n'kulikonzanso, ndipo mchitidwewu unafalikira m'zigawo zina. Iwo anayambira pa sayansi, koma chizolowezi cholowa m'kalasi ya mnzako popanda kumuopseza ndicho tikuchisowa.

Udindo wa aPEA ndi wovuta. Munthu mmodzi ali ndi sukulu khumi kapena kuposerapo, njinga yamoto imene mafuta ake sabwera nthawi zonse, ndi mafomu ofunidwa ku ofesi ya boma dzulo. Choposa apo, aphunzitsi amamuona ngati woyendera. Akamva kulira kwa njinga, bolodi limafufutidwa, kamtengo kamaponyedwa pawindo, ndipo phunziro limene aPEA amaonerera si limene ana amalandira masiku onse. Munthu sungamuululire kuti sitandade 5 yakukanika ngati ndi yemweyo adzalembe lipoti la iwe. N'chifukwa chake ndikuona kuti ulangizi wa tsiku ndi tsiku ukhale wa anthu a pasukulu pomwepo, ndipo aPEA athere mphamvu zawo pa kuphunzitsa ahedi ndi akulu a zigawo mmene angaonerere phunziro ndi kulankhula ndi mnzawo mosamunyazitsa.

Pali zotsutsa zomveka. Ena amati kufanana kumapha umunthu wa mphunzitsi. Ayi, nthabwala zake, nyimbo zake ndi kafotokozedwe kake zimatsala zake. Chimene akutaya ndi ufulu wosintha lamulo malinga ndi mmene wadzukira. Chotsutsa champhamvu ndi cha kuchuluka kwa ana. Cholinga cha boma ndi ana 60 pa mphunzitsi mmodzi, koma m'makalasi oyambirira a sukulu zambiri chiwerengerocho chimapitirira kutali, ndipo palibe maphunziro amene angasandutse ana 150 kukhala 60, kapena kukhazika chete mwana amene wabwera osadya ndipo akungomvetsera ngati phala lapsa. Zimenezi n'zoona, ndipo wina asagwiritse ntchito CPD ngati chophimbira kusamanga makalasi ndi kusalemba ntchito aphunzitsi amene anamaliza maphunziro. Koma kalasi ikakula m'pamene dongosolo limafunika kwambiri. Ana 25 ungawagwire ndi nkhope yokha. Ana 120 sungathe.

Palinso ngozi yakuti kufanana kusanduke kuuma mtima. Mtsikana amene amachedwa chifukwa amayamba watunga madzi ndi kusambitsa azing'ono ake sali ngati mnyamata amene amaima pa vidiyo sho. Mwana amene satsatira malangizo mwina samva bwino khutu limodzi. Lamulo likhale limodzi, lakuti wochedwa alowe mwakachetechete, akhale pamalo odziwika, alembedwe, ndipo akachedwa kangapo wina afufuze chifukwa chake. Kufufuzako ndiko kumasiyanitsa ana, ndipo amayi a Mother Group amadziwa za m'makomo zimene mphunzitsi sangazidziwe. Makolo nawo ayenera kumva mgwirizanowu pa msonkhano wa PTA, chifukwa alipo amene amabwera ndi mwana kusukulu n'kunena kuti "aphunzitsi, ameneyu muzimukwapula, ine wandikanika". Mphunzitsi amene alibe yankho logwirizana ndi anzake amavomera.

Chovuta kuchitchula pa msonkhano wa aphunzitsi ndi cha aphunzitsi eniake. Sukulu singalange mwana wochedwa pamene mphunzitsi amafika belu litalira kale, kapena kuletsa phokoso m'kalasi imene yakhala yopanda munthu maphunziro awiri. Zifukwa zina n'zomveka, monga kusowa kwa nyumba pasukulu ndi ulendo wa ku banki kumapeto kwa mwezi, koma ana saona zifukwazo. Mgwirizano umene ulibe mbali ya akuluakulu ana amauzindikira msanga kuti ndi wabodza.

Chimene chidzagamule ngati zonsezi zingazike mizu ndi mmene CPD idzawerengedwere. Lamulo la zamaphunziro la 2013 linakhazikitsa Teachers Council of Malawi yoti izilembetsa aphunzitsi ndi kuwapatsa ziphaso, ndipo maganizo a ndondomeko ya 2018 ndi akuti maphunziro owonjezera azikhudza kukwera kwa munthu pantchito. Ngati umboni wake udzakhala satifiketi ya wekishopu yokha, aphunzitsi adzathamangira mawekishopu, ndipo adzakhala akuchita mwanzeru. Mkulu wa chigawo amene wathera teremu yonse akulowa m'makalasi a anzake ndi kope lake alibe pepala lokaonetsa kwa aliyense. Pakufunika kuti kaundula wa pasukulu wosonyeza amene anaonerera ndani, tsiku liti, ndi chimene anagwirizana kusintha, wosainidwa ndi ahedi n'kutsimikizidwa ndi aPEA, azilemera mofanana ndi satifiketiyo pa tsiku la intavyu ya kukwezedwa. Kaundula yemweyo ndiye angathandize ahedi atsopano, pakuti ahedi amasamutsidwa, ndipo pa sukulu zambiri wobwerayo amalandira makiyi, buku la ndalama ndi mndandanda wa madesiki, koma za mmene ana amalowera m'kalasi palibe amene amamuuza.